Siliva wa Mfumu M'matope a Kumatsiriro

Amene sanafikeko ku Sitinunkha amayesa dzinali ndi kudzitama chabe, pamene ndi lamulo. Dzikoli linali ndi dzina lina kale, koma linasinthidwa m'chaka chachiwiri cha ufumu wa Salakwa Wachinayi, tsiku limene nduna ina inavula nsapato pakati pa msonkhano kuti ikande chala, mfumu n'kukomoka. Itatsitsimuka, mfumu inalengeza kuti kuyambira tsikulo fungo loipa ndi chimodzimodzi kuukira ufumu. Nduna ija anaitumiza kukakhala kazembe kudziko lina lozizira kwambiri, komwe munthu savula nsapato chisawawa.

Koma lamulo ndi lamulo, phazi ndi phazi. Nduna zinkabwerabe kubwalo mitima ili m'mwamba, zala zitafinyana m'nsapato, mpaka pamene Wolemekezeka Zavutapati, Nduna Yoona za Kafungo Kabwino, anabwerako ku ulendo wa kunja atanyamula mankhwala a vutoli. Anali masokosi. Kuwaona anali masokosi wamba, koma mu ulusi wake akatswiri anali atalowetsamo tizidutswa ta siliva, tating'onoting'ono moti ngakhale titandanda chikwi pamzere sitingadutse m'lifupi mwa tsitsi limodzi. Tizidutswato timapha tizilombo timene timawoletsa thukuta, ndiye phazi limatha kukhala m'nsapato tsiku lonse osadziwika kuti lilipo.

Ku Sitinunkha chinthu chikakoma sachitapa ndi supuni, amachitapa ndi fosholo. Pasanathe miyezi itatu siliva anali m'malaya, m'makabudula amkati, m'zofunda, m'makatani, ngakhale m'timajuzi ta agalu a mfumukazi. Aliyense wokhala paphiri la Chikweza, pomwe pali nyumba yachifumu ndi nyumba za nduna, ankayenda atakutidwa siliva kuyambira kukhosi mpaka kuphazi. Ndipo pofuna kuonetsa kukhulupirika, zonsezi ankazichapitsa kawiri patsiku.

Tsono madzi saiwala khwawa. Mapaipi onse a pa Chikweza, a m'zimbudzi, a m'mabafa ndi a mochapira, amatsetsereka kukathera Kumatsiriro, kumene kuli maiwe anayi a simenti oyeretsera madzi oipa. Madziwo akayera amawatayira mumtsinje wa Landirani, ndipo kumunsi kwa mtsinjewo kuli mudzi waukulu wa Timwabe. Anthu a ku Timwabe alibe mapaipi, alibe masokosi a siliva, ambiri alibe ndi masokosi wamba omwe. Chimene ali nacho ndi mtsinje.

Woyang'anira maiwewo anali Alinesi Nankhoma, mayi wamfupi, wosachuluka zonena, wobadwira ku Timwabe komweko. Anagwira ntchitoyi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri osalandirapo mendulo, poti ku Sitinunkha munthu wogwira ntchito yafungo amamuthokoza pomuiwala. Iye sankadandaula. Ankati woyeretsa madzi si iye ayi, ndi matope. M'maiwemo mumakhala matope amoyo, odzaza ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, timene timadya zonyansa zonse za akuluakulu n'kusiya madzi oti munthu n'kuwiritsa, n'kumwa. Nankhoma ankatipopera mpweya, kutiyeza m'mawa uliwonse, ndi kutitcha antchito ake. Ankatikonda, ndipo sankachita nazo manyazi. M'dziko lonselo ndito tokha tinkagwira ntchito osafunsa za alawansi.

Matope amoyo amanunkhira ngati dothi pambuyo pa mvula yoyamba. Mwezi wachinayi wa masokosi, matope a m'dziwe loyamba anada bii, n'kuyamba kuyandama, fungo ngati mazira owola. Lachiwiri linatsatira. Kenako m'mawa wina a Jelasi Kamphinda, bambo amene ankapalasa matope kumeneko chiyambire Nankhoma asanabwere, anafika pakhomo la kaofesi atatsamira fosholo.

"Amayi, lachitatu nalonso latisiya."

Nankhoma anatunga kadontho n'kukaika pa galasi lake lokulitsira zinthu. Masiku onse mukadontho kamodzi munkakhala piringupiringu ngati pa depoti ya basi. Tsikulo munali zii.

"Ndiye zikufa ndi chiyani?" anafunsa a Jelasi. "Njala si njala, poti akuluakuluwo sindinamve kuti asiya kudya."

Yankho linali kale m'thumba mwa Nankhoma. Anali atatumiza botolo la matope kwa mnzake wina amene anaphunzira naye, yemwe tsopano ankayeza zinthu kutsidya kwa malire, ndipo kalata inali itabwera dzulo lake. Nankhoma anawawerengera a Jelasi kalatayo. Zovala za siliva zikachapidwa, tizidutswa tija timasuluka n'kulowa m'mapaipi. Tina timakumana ndi sulufule wa m'zonyansa n'kufooka tili panjira, koma kuchapa kwa pa Chikweza kunali kopyola muyeso moti tambiri tinkafika tili ndi ukali wake wonse. Mwa tizidutswa khumi tilitonse tofika Kumatsiriro, tisanu ndi tinayi timamatirira m'matope, kamodzi kamapitirira ndi madzi kukalowa mumtsinje. Ndipo siliva sasankha. Anamupangira kupha tizilombo ta m'phazi la nduna, koma akafika m'dziwe sadziwa kuti m'phazi muja anachokamo.

Linatsala dziwe lachinayi lokha, poti ndilo linkalandira madzi pomalizira. Likanakhala moyo, siliva n'kusiya kubwera, Nankhoma akanatha kutapamo matope ndi ndowa n'kukadzutsa atatu enawo, monga mlimi amachitira ndi mbewu yosunga. Likanafa, ndiye kuti anthu a ku Timwabe akanamamwa za pa Chikweza zosaphika.

Kunena zoona anali atayamba kale kulawa. Nankhoma atadutsa pamsika wa Timwabe masana a tsikulo, mlamu wake Eneresi, wogulitsa mpiru ndi tomato, anamukodola ali patali.

"Alamu, madzi anu aja masiku ano akubwera ndi ndiwo zomwe. Dzulo nditangotunga ndowa ndinadziwa kuti kwa Nduna ya Zachilungamo adya nyemba."

"Musadandaule mayi, chitukuko chimenecho," anatero bambo wogulitsa makala pafupi naye. "Kale zonse zinkathera pamtunda pomwepo. Pano zayamba kutsikira kwa ife anthu wamba."

Anthu anaseka, koma Eneresi anakokera mlamu wake kuseri kwa benchi, nkhope itasintha. Ana ake awiri anali atatsegula m'mimba kuyambira Lolemba, ndipo kuchipatala odwala ankagona pakhonde.

"Mukanene, alamu. Inu ndinu ophunzira."

"Ndikanene kuti, alamu? Mukudziwa bwino."

Apa pafunika ndikufotokozereni. Mfumu ikakhala Salakwa, dandaulo limakhala chipongwe, poti wodandaula ndiye kuti akunena kuti penapake palakwika. Choncho ku Sitinunkha kulibe bwalo la madandaulo. Kuli Bwalo la Zikomo, limene limakhala Lachisanu lililonse, ndipo munthu amalowako atanyamula mphatso n'kuthokoza. Amene ali ndi vuto amalikulunga m'chiyamiko n'kuyembekeza kuti wina alimva. Mlatho wa kwa Dumphani utakokoloka, anthu akumeneko anabweretsa thabwa limodzi lotsala, n'kuthokoza mfumu powaphunzitsa kusambira. Mfumu inakondwa kwambiri, n'kuwatumizira chikho cha mpikisano.

Lachisanu Nankhoma anatapa matope akufa m'ndowa, anavundikira ndi mbale, anamanga chitenje chatsopano pamwamba, n'kukwera phiri. Atafika pamaso pa mfumu anagwada n'kuwomba m'manja katatu monga mwa mwambo.

"Zikomo mwini dziko, inu amene simunalakwepo. Ine wantchito wanu wa Kumatsiriro ndabwera kudzathokoza chifukwa cha siliva amene mwakhala mukutitumizira."

"Ine ndakutumizirani siliva?" Mfumu inayang'ana nduna zake imodzi ndi imodzi, ndipo iliyonse inayamba kukumbukira machimo ake.

"Tsiku ndi tsiku, mwini dziko, kudzera m'mapaipi. Zovala zanu zikachapidwa, siliva amasuluka n'kutsikira kwathu, n'kukhazikika m'matope ngati awa ndanyamulawa. Wachuluka moti antchito anu aang'ono a m'maiwe alephera kupirira ulemu woterewu, ndipo maiwe atatu..."

Sanamalize. Wolemekezeka Zavutapati, amene anali atanunkhiza kale kumene nkhaniyi ikulowera, anadzambatuka pampando.

"Mwamva, mwini dziko? Mayiyu akuchitira umboni kuti masokosi aja akubereka."

Wosunga malamulo anatsegula buku lake lalikulu n'kuwerenga lamulo la makolo, loti siliva yense wa m'dzikomo, kaya ali pansi pa nthaka, pamwamba pake kapena m'madzi, ndi wa mfumu. Maso a Salakwa anayamba kulengeza misozi.

"Ndiye kuti ndili ndi mgodi," anatero motsitsa mawu. "Agogo anga anakumba mapiri onse osapeza kanthu, pamene mgodiwo unali mwa ine ndemwe. Vundukulani ndichione chuma changa."

Msilikali anamasula chitenje n'kuchotsa mbale. Zimene zinatuluka m'ndowamo zinafika mpaka kumipando yakumbuyo nthawi yomweyo. Bwalo lonse linauma gwa. Mphuno ya mfumu inagwedera kamodzi, kawiri, ndipo aliyense anadziwa kuti pafa munthu.

"Fungo la chuma, mwini dziko," anatero Zavutapati, thukuta lili kamukamu. "Kunja konse kumene ndayenda, mayiko olemera amamveka chonchi."

Mfumu inaganiza. Chuma chake sichikanakhala choukira ufumu wake. Inakoka mpweya wautali n'kugwedeza mutu movomereza, ndipo nduna zonse zinakoka nawo. Nduna ya Zaumoyo inatuluka misozi, n'kufotokoza kuti inali ya chimwemwe.

Chigamulo chinatuluka pomwepo. Matope onse a Kumatsiriro akwezedwe ndi ngolo kukasungidwa kuseri kwa nyumba yachifumu, kuyambira dziwe loyamba, ndipo lachinayi lidzapalidwe Loweruka la sabata yamawa. Alinesi Nankhoma anakwezedwa kukhala Mlonda Wamkulu wa Mgodi Wachifumu, n'kuvekedwa masokosi a siliva pamaso pa anthu onse. Anatsika phiri akulira, anthu m'njira n'kumamuyamikira kuti mayi uyu ndi wodzichepetsa.

"Paja amati kamba amanyera womutola," anatero a Jelasi atamva. "Koma aka n'koyamba kuona womutolayo akuthokoza, n'kufunsa ngati kamba ali ndi zina."

Sabata yonseyo ngolo zinkakwera Chikweza zikudontha. Pamsika wa Timwabe malonda ankaima kuti anthu aonerere. Wamakala uja anavula chipewa ngolo yoyamba ikudutsa, n'kunena kuti chibadwire sanaonepo boma likubwera kudzatenga zake. Kuseri kwa nyumba yachifumu mulu unkakula, asilikali anayi akuulondera ndi mfuti, ndipo ntchentche za m'dziko lonse zinasamukira kulikulu.

Nankhoma sanaseke nawo. Masokosi ankachapidwabe kawiri patsiku, ndipo mukadontho ka m'dziwe lachinayi piringupiringu uja anali atayamba kuchepa. Mwana wamng'ono wa Eneresi anali pa diripi. Lachinayi masana Nankhoma anakhala m'mphepete mwa dziwe, akuyang'ana madzi obiriwira akutuluka pa paipi yomaliza kulowa mumtsinje, n'kumadzitukwana. Anali atapita kukapempha mfumu kuti imvere chisoni tizilombo ndi anthu, zinthu ziwiri zimene sinazionepo ndi maso. Chinthu chokha chimene mfumu inamva m'mawu ake onse chinali siliva. Atafika pamenepo anasiya kudzitukwana. Anatenga botolo n'kulitchera pa paipi ija.

M'mawa mwake anagwadanso m'Bwalo la Zikomo. Mawindo onse anali otseka, ndipo nduna zinkapuma ndi pakamwa.

"Zikomo mwini dziko. Lero ndakubweretserani siliva wanu amene ndamugwira akuthawa."

"Akuthawa?"

"Inde mwini dziko. Mwa tizidutswa khumi tilitonse, tisanu ndi tinayi timatsala mumgodi, koma kamodzi kamazemba ndi madzi n'kulowa mumtsinje. Anthu a ku Timwabe akumwa chuma chanu mosadziwa, ndipo sichikuwakhala n'komwe m'mimba. Chikungowonongeka."

Nkhope ya mfumu inachita mdima. "Akumutsegulira ndani?"

"Sopo, mwini dziko. Sopo ndi madzi. Sokosi ikakhala kuphazi, siliva yense ali m'manja mwanu. Ikangolowa m'beseni, mwayamba kugawana ndi mtsinje."

"Ndiye asachape," inatero mfumu, modabwa kuti nzeru yotere sinabwerere munthu wina aliyense. "Kuyambira lero, wochapa nsalu ya siliva ndi mbala."

Zavutapati anatsokomola. "Mwini dziko, nzeru zanu n'zakuya. Kungoti nsalu, pakapita nthawi..."

"Pakapita nthawi imatani? Si iwe unandiuza kuti nsalu ya siliva sinunkha?"

"Ndinatero, mwini dziko."

"Unandinamiza?"

"Ayi, mwini dziko."

Khoswe anali atakhala pamkhate, ndipo mkhatewo unali wa Zavutapati yemwe. Nankhoma anaona kuti mpata ulipo, anawombanso m'manja.

"Chinanso, mwini dziko. Dziwe lachinayi lisapalidwe. Mlimi wanzeru sadya mbewu."

"Lisiyeni liswane," inatero mfumu, ndipo Nduna ya Zamalo, imene nyumba yake inayang'anizana ndi mulu uja, inawomba m'manja mpaka mphete inavuka.

Nankhoma akanatuluka pomwepo, bwenzi nkhaniyi itathera pabwino. Koma mwambo umafuna kuti munthu abwerere chammbuyo ali chogwada, ndipo ulendo wake umatenga nthawi. Asanafike pakhomo, Zavutapati anali atapezanso mpweya. Anaimirira akumwetulira, kumwetulira kwa munthu amene wagwa m'dzenje koma wagwira mwendo wa amene wamukankha.

"Mwini dziko, lamulo lanu n'lokongola, tingolimanga bwino. Phazi nalo limatengako siliva, choncho lisasambidwe. Masokosi asavulidwe, amangidwe ndi chidindo chachifumu pa akakolo. Ndipo poti nzeruyi yadzera mwa Mlonda Wamkulu wa Mgodi, iye akhale chitsanzo cha dziko. Tizimuyendera Lachisanu lililonse. Tsiku limene chidindo chake chidzapezeke chothyoka, tidzadziwa kuti lamuloli n'lopitirira mphamvu za munthu, ndipo tidzayambirenso kuchapa."

Mfumu inavomereza. Wosula zitsulo anaitanidwa, ndipo Nankhoma ndiye anali woyamba kutambasula miyendo.

Mabeseni a pa Chikweza anavundikiridwa tsiku lomwelo. Patatha masabata awiri, kadontho ka m'dziwe lachinayi kanayambanso kuchita piringupiringu. Nankhoma ndi a Jelasi anatapa matope ndi ndowa kukathira m'dziwe lachitatu, kenako lachiwiri, kenako loyamba, ndipo pofika nyengo yokolola onse anayi ankanunkhira dothi la mvula. Khonde la kuchipatala linayera. Mfumu itafunsa chifukwa chimene mgodi wasiyira kutumiza ngolo, nduna zonse zinayankha pamodzi, kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya dzikolo, kuti mgodi ukupuma ndipo usasokonezedwe.

Za nsalu ya siliva, Zavutapati ananena zoona kwa masabata asanu ndi limodzi okha. Pambuyo pake thukuta ndi litsiro zinakwirira siliva, phazi n'kuyamba kulankhula chilankhulo chake chakale. Pa Chikweza sizinavute kwenikweni. Kumeneko onse ankanunkha mofanana, mulu uja unali pafupi woti n'kuunamizira, komanso zinkamveka kuti wosula zitsulo ankayendera nyumba zina Loweruka ndi kachikwama ka zidindo zatsopano. Kwa Nankhoma sankafikako. Kwa iye kunkafika Zavutapati mwini wake, Lachisanu lililonse osaphonya, mpango uli pamphuno, kudzagwada n'kuyang'anitsitsa akakolo ake ngati wogula mbuzi, n'kubwerera ali wokhumudwa.

Ndipo Nankhoma ankakhala ku Timwabe, pakati pa anthu osamba. Kutchalitchi anamusiyira benchi yonse yekha. Pamaliro ankamupatsa ntchito yokatola nkhuni kutali. Zala zinkayabwa moti nthawi zina ankaluma nsalu kuti asakuwe, ndipo kangapo konse anagwira mpeni n'kuuika pa chidindo, kenako n'kuubweza. Chinkamuwawa kwambiri si kuyabwako. Chinali choti anthu ambiri sankadziwa chimene chinayeretsa mtsinje, ndipo iye sakanawauza, poti kuwauza kunali kuulula kuti anapusitsa mfumu. Pamsika ankangoti mayi uja chimukwezereni pa udindo anasiya kusamba.

Tsiku lina la dzuwa loswa mtengo anatsikira pamsikapo kukagula tomato. Anthu anapatuka ngati mwa masiku onse. Eneresi anamuona, anasiya kasitomala ali chiimire, n'kutunga madzi mumtsuko wake ndi kapu ya pulasitiki. Anayenda masitepe angapo, anaika kapuyo pansi pakati pa iye ndi mlamu wake, n'kubwerera.

"Imwani alamu. Ndatunga m'mawa uno ku Landirani. Wamng'ono uja wabwerera kusukulu."

Nankhoma anatola kapu. Madzi anali oyera mbee, pansi pa kapu pakuoneka. Anamwa onse osapumira.

"Ine ndikudziwa, alamu," anatero Eneresi motsitsa mawu, maso ali jenkha. Anapukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje, ndipo nsongayo sanaichotsenso pamphuno. "Ndikudziwa zonse. Koma tasunthirani uko pang'ono, mphepo ikuchokera kwanuko."